Namapiko ndi Anapiye a Pilira

Uyu ndi Pilira. Ndi mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu ndi ku Kaphuka, pamtunda. Kwathu kumazizira.

Pilira anali ndi anapiye asanu ndi mmodzi. Anapiyewo analibe mayi. Vumbwe anagwira thadzi lathu kuseri kwa khola. Anapiye anatsala okha.

Pilira ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna anapiye ake akule. Onse. Pasafe ndi mmodzi yemwe.

Unali mwezi wa Juni. Mu Juni mwera umawomba. Umawomba m'mawa. Umawomba madzulo. Umalowa pansi pa chitseko. Umalowa mpaka m'makutu.

Anapiye anaunjikana m'dengu. Ankanjenjemera.

"Piyo! Piyo! Piyo!"

Kamodzi kanali kakang'ono kuposa onse. Kanatuluka m'dzira komalizira. Pilira anakatcha Katsalira.

"Amayi, Katsalira kakuzizidwa."

"Ndaona."

"Tichite chiyani?"

"Kaphimbe ndi chitenje."

Pilira anakaphimba ndi chitenje. Koma chitenje si thadzi. Thadzi limafunda. Chitenje chilibe moto.

Ndinayesa mbaula. Utsi unadzaza m'khitchini. Anapiye anayamba kuyasama kukamwa. Ndinaitulutsa msanga. Moto pafupi ndi udzu? Ine ayi.

Loweruka kunabwera njinga yamoto. Panali azakhali ake a Pilira. Dzina lawo ndi a Susan. Ndi mlongo wawo wa amuna anga. Amakhala ku Mayani. Amakonza mawailesi ndi masola. Kumbuyo kwa njinga anamangako chibokosi.

"Azakhali! Azakhali! M'bokosimo muli chiyani?"

"Muli mayi wa anapiye ako," anatero azakhali.

Pilira anatsegula bokosi. Munalibe nkhuku. Munali mapiko atatu oyera, aataliatali. Munali chimutu chachitsulo ngati dzungu. Munali mchira wa lata. Munali batire, waya ndi babu.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" ndinafunsa.

"Makina a mphepo, alamu. Amapanga magetsi. Magetsi ayatsa babu ili. Babu ili ndi lachikale, lotentha lija. Anapiye afunda."

"Bwanji osabweretsa sola?"

"Taonani kuphiriko."

Ndinayang'ana. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse.

"Mu Juni kwanu kuno dzuwa limabisala," anatero azakhali. "Koma mphepo siibisala."

Pilira anagwira phiko limodzi. Anagwira lachiwiri. Anagwira lachitatu.

"Dzina lake ndi Namapiko," anatero.

Basi, dzina linakhala lomwelo.

"Azakhali, Namapiko amapanga bwanji magetsi?"

Azakhali anamasula chimutu chija. Pilira anasuzumira. Inenso ndinasuzumira. Munali tizitsulo takuda. Munalinso waya wofiirira, wokulungakulunga.

"Takudati ndi maginito. Wofiirirayu ndi waya wa kopa. Tazunguza apa."

Pilira anazunguza ndi dzanja. Azakhali anagunditsa kababu kakang'ono pa waya. Kababu kanaphethira.

"Kayaka! Amayi, kayaka!"

"Zunguza msanga."

Pilira anazunguza msanga. Kababu kanawala kwambiri. Pilira anatopa. Analeka. Kababu kanazima.

"Waona?" anatero azakhali. "Dzanja lako limatopa. Ntchito imeneyi timaipatsa mphepo."

Kenako anamuphunzitsa pang'onopang'ono.

"Mphepo imakankha mapiko. Mapiko amazunguza maginito. Maginito akamadutsa pa waya, magetsi amabadwa. Magetsi amalowa m'batire. Batire limayatsa babu."

Pilira anabwereza, uku akuwomba m'manja.

"Mphepo, mapiko! Mapiko, maginito! Maginito, magetsi! Magetsi, batire! Batire, babu!"

"Babu, Katsalira," anawonjezera chapansipansi.

Ine ndinali ndi funso langa.

"Alamu, ku boma ndinaona chinthu chonga ichi m'sitolo. Chinkazungulira. Chinkatulutsa mphepo. Ife mphepo tili nayo yambiri. Sitikufuna ina."

Azakhali anaseka.

"Imeneyo ndi fani, alamu. Fani imadya magetsi n'kutulutsa mphepo. Uyu amadya mphepo n'kutulutsa magetsi."

"Nanga mafuta?"

"Samwa mafuta."

"Nanga makala?"

"Ngakhale khala limodzi."

Pamenepo ndinakhala bwino pampando. Chinthu chosadya mafuta ndimachikonda.

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Matumba awiri a kachewere."

"Limodzi."

"Alamu! Limodzi ndi theka."

"Limodzi. Ndipo ndipereka akazungulira. Akapanda kuzungulira, mudzatenge katundu wanu."

Azakhali anagwira pamutu.

"Achimwene, mukumva akazi anuwa?"

Amuna anga, a Zikhalo, anali pakhonde. Amacheka matabwa ku Phiri la Dedza. Amabwera Loweruka, n'kubwerera Lolemba.

"Ine ndinagonja kalekale," anatero. "Landira limodzilo."

A Zikhalo anabweretsa mlongoti wa bulugamu. Unali wautali. Unali wowongoka.

"Tiimike pati?" anafunsa azakhali. "Mphepo imawomba kwambiri pati?"

"Kwathu kuno mphepo ili paliponse," ndinatero. "Imikani apa."

Ndinaloza pakona. Uku kuli nkhokwe. Uku kuli mpanda. Kumbuyo kuli mitengo ya mkungudza, italiitali.

"Alamu, pabisala kwambiri."

"Eya. N'chifukwa chake."

Mverani, ana inu. Kwathu chinthu chabwino sitiika pamphepo. Khanda timaliphimba. Mbande timazitchingira. Moto timautchingira. Nanga chinthu chatsopano, choyera mbee, cha thumba lathunthu la kachewere? Ndichiike poyera? Chithyoke?

"Koma alamu, uyu chakudya chake ndi mphepo."

"Ikamufuna imupeza. Ife imatipeza m'bulangete momwe."

"Alamu..."

"Pakhomo pano ndi panga. Imikani."

Ine sindikonda kuchedwa. Anakumba. Anaimika. Anakokera waya kukhitchini. Anapachika babu pamwamba pa dengu.

M'batire munali magetsi pang'ono ochokera ku Mayani. Babu linayaka. Anapiye anathamangira pansi pake. Katsalira kanagona pakati.

Pilira anavina. Azakhali anakwera njinga yawo.

"Tiona," anatero.

Lamulungu tinachoka kutchalitchi. Pilira anathamangira pakona. Anayang'ana m'mwamba. Nsonga za mitengo zinkagwedera. Koma Namapiko anali chiimire.

"Zungulira, Namapiko."

Namapiko sanazungulire.

Lolemba Pilira anachoka kusukulu. Anathamangira pakona. Namapiko anatembenukira uku. Anatembenukira uko. Phiko linasuntha pang'ono. Linaima.

"Zungulira, Namapiko. Chonde."

Namapiko sanazungulire. Madzulo babu linayamba kufiira.

Lachiwiri m'mawa babu linali litazima. Udzu unali ndi mame ozizira. Anapiye anaunjikananso.

"Piyo! Piyo! Piyo!"

Katsalira sikanalire. Kanatsinzina. Kanagwetsa timapiko. Pilira anakapatsa madeya. Sikanadye.

Pilira anakaika m'juzi yake, pamimba.

"Amayi, lero ndisapite kusukulu."

"Upita. Bweretsa kuno."

Ndinakamangirira m'chitenje changa, pachifuwa. Ndinagwira nako ntchito mpaka masana. Ine, munthu wamkulu, kubereka mwanapiye! Musauze anthu.

Ndinakwiya. Ndinatenga foni.

"Alamu, katundu wanu ndi waulesi. Bwerani mawa mudzatenge."

"Alamu, si makinawo..."

Ndinadula.

Pilira anabwera masana. Anamva zoti Namapiko achoka mawa. Sanalire. Anatenga Katsalira. Anakabwezera m'juzi. Anakhala pansi pa mlongoti.

Ine ndinali kupuntha nyemba pamkeka. Phu! Phu! Phu! Makoko ankasweka. Nyemba zinkadumpha.

Pilira anadzuka. Anabwera pamkeka. Anatapa mankhusu a nyemba m'manja.

"Ukupita nawo kuti?"

"Ndikubwera, amayi."

Anapita pansi pa Namapiko. Anaponya mankhusu m'mwamba. Mankhusu anagwera pamapazi ake.

Anapita pabwalo. Anaponya mankhusu m'mwamba. Mankhusu anauluka pang'ono. Anagwera pa mtondo.

Anapita kuseri kwa khola. Anakwera kamtunda. Kumeneko kuli thanthwe lalikulu, lafulati. Anaponya mankhusu m'mwamba. Sindinaone kumene anagwera.

Pilira anabwera akuthamanga. Dzanja limodzi linali pamimba, pa Katsalira.

Ine ndinali nditawola nyemba. Ndinadzaza dengu. Ndinatenga lichero. Ndinasenza.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kukauluza nyemba. Sukuona?"

Kuuluza n'kosavuta. Umakweza lichero m'mwamba. Umakhuthula pang'onopang'ono. Nyemba zimagwa pansi. Mankhusu amapita ndi mphepo.

"Amayi, lero muuluzire apa."

"Pati?"

"Pansi pa Namapiko. Ndi pafupi. Simutopa."

Ndinatula dengu.

"Iwe mwana, wadya chiyani lero? Ndiuluzire pamenepo? Palibe mphepo pamenepo! Nkhokwe yatchinga. Mpanda watchinga. Mitengo yatchinga. Ndingaime mpaka Khirisimasi! Ngakhale mbuzi ikudziwa!"

Pilira anakweza maso. Anayang'ana Namapiko. Anayang'ana ine. Anayang'ananso Namapiko.

Inenso ndinayang'ana Namapiko.

Mapiko ake anali chiimire.

"Amayi," anatero Pilira mofatsa, "nanga mumauluzira kuti?"

"Pathanthwe."

"Chifukwa chiyani?"

"Usandifunse ngati aphunzitsi. Tenga licherolo. Tiye."

Tinakwera kamtunda. Tinaima pathanthwe. Mwera unandikoka mpango. Ndinakweza lichero. Nyemba zinagwa pamkeka. Waaa! Mankhusu anauluka. Anauluka mpaka kumunda.

Ndinakweza kachiwiri. Mankhusu anauluka. Ndinakweza kachitatu. Mankhusu anauluka.

"Namapiko ali ndi njala, amayi."

"Ndamva."

"Mwamubisa kutali ndi mphepo..."

"Ndati ndamva."

Tsiku limenelo tinathira madzi ofunda m'botolo. Tinalikulunga ndi nsanza. Tinaliika m'dengu la anapiye. Katsalira kanagona m'juzi ya Pilira.

Lachitatu masana njinga yamoto inafika.

"Ndabwera kudzatenga katundu wanga waulesi," anatero azakhali.

"Ndani wati mutenge?"

"Inu, alamu. Pa foni."

"Limenelo linali dzulo. Tsikani. Pilira ali ndi mawu."

Pilira anawagwira dzanja. Anawakokera pathanthwe. Anatapa mankhusu. Anaponya m'mwamba. Mankhusu anapita.

Azakhali anayang'ana uku. Kunalibe mtengo. Anayang'ana uko. Kunalibe nyumba. Anamwetulira.

"Wapapeza bwanji?"

"Amayi amauluzira pano."

Azakhali anatembenukira kwa ine.

"Alamu, mphepo ya pano imachokera kuti?"

"Uko," ndinaloza kummwera. "Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti."

"Nanga Okutobala?"

"Imatembenuka. Imachokera uku, kotulukira dzuwa. Yotentha. Imabwera ndi fumbi."

"Nanga nthawi ya mvula?"

"Imakhala yaulesi. Tsiku lina ilipo, tsiku lina palibe."

"Imalimba nthawi yanji?"

"Dzuwa likapendeka. Mafunso onsewa ngachiyani?"

Azakhali anawomba m'manja.

"Kumayiko ena kuli makina a mphepo aakulu. Aatali kuposa mitengo ya paini. Amayatsa midzi yambiri. Asanawaimike, akatswiri amayeza mphepo chaka chathunthu. Inu mwayeza zaka zingati?"

"Ndinayamba ndili ngati Pilirayu."

"Ndiye katswiri ndi inu. Ndi lichero lanulo."

Ndinakonza mpango wanga bwinobwino.

Panali vuto limodzi. Waya unali waufupi. Pilira anayeza ndi mapazi. Kuchokera pathanthwe kufika kukhitchini. Mapazi makumi asanu.

"Ndili ndi waya wina m'chikwama," anatero azakhali. "Koma pa umenewu muwonjezera dengu la kachewere."

"Umenewo ndi banyira."

"Banyira wa waya? Munamva kuti?"

"Mwamva lero."

"Alamu, mudzandiphetsa ndi njala."

"Simufa. Tulutsani."

Anatulutsa.

A Zikhalo anali kuphiri. Sitinawadikire. Ndinaitana a Esitere, anzanga a nyumba yoyandikana nafe. Tinagwetsa mlongoti pang'onopang'ono. Tinaunyamula atatu. Pilira ananyamula mchira.

Ndinakumba dzenje pambali pa thanthwe. Azakhali anamanga zingwe zitatu. Anakhoma zikhomo zitatu. M'munsi mwa mlongoti anaikamo kabokosi ka swichi.

"Iyi ndi buleki," anatero. "Ndatseka. Asazungulire tisanamalize."

A Esitere anagwira chingwe. Koma pakamwa sanagwire.

"Amake Pilira, chimenechi sichithamangitsa mvula?"

"Funsani mwiniwake," ndinatero.

"Sichithamangitsa," anatero Pilira. "Mitambo ili kutali. Iye amangogwira mphepo yodutsa pano."

"Nanga phokoso? Ine ndimagona msanga."

"Amalira pang'ono," anatero azakhali. "N'chifukwa chake ndi bwino akhale patali ndi nyumba."

"Nanga mbalame?"

Pilira anayang'ana azakhali. Limeneli sankalidziwa.

"Nthawi zina mbalame imagunda mapiko," anatero azakhali. "Zimachitika, makamaka pa makina aakulu aja. Ndiye saimika panjira ya mbalame. Pano pali zisa?"

"Palibe," anatero Pilira. "Zisa zili kudambo."

"Kokani chingwecho, a Esitere," ndinatero. "Mafunso mumalize mawa."

"Koka! Koka! Koka!"

Mlongoti unadzuka. Unapendama. Unawongoka. Unaima njo! Tinakwirira dzenje. Tinatsendera ndi miyala. Tinamanga zingwe pa zikhomo.

Mchira unagwedera. Namapiko anatembenuka yekha. Anayang'ana kummwera.

"Akuyang'ana chiyani?" anafunsa a Esitere.

"Mchira ndiwo umamutembenuza," anatero Pilira. "Amayang'ana kochokera mphepo."

"Pilira," anatero azakhali, "tsegula buleki."

Pilira anagwada. Anagwira swichi. Tha!

Fu.

Phiko linasuntha.

Fu. Fu.

Lachiwiri linatsatira.

Fu, fu, fu, fu, fufufufu!

Mapiko sanaonekenso atatu. Anangokhala ngati lichero loyera m'mwamba.

"Akuzungulira! Amayi, akuzungulira!"

A Esitere analulutira. Pilira anadumphadumpha. Ine mtima unali m'mwamba.

"Alamu, sathyoka? Mwera ukakwiya umasasula madenga."

"Mphepo ikanyanya, mchira umapindika. Iye amayang'ana kumbali. Amachepetsa liwiro. Mukaona chimphepo choopsa chikubwera, tsekani buleki."

Kenako anagwira Pilira paphewa.

"Iwe, tamvera. Mlongoti uwu si wokwera. Waya si woseweretsa. Batire si logwiragwira. Uuzenso anzako."

"Ndamva, azakhali."

Pilira anathamangira kukhitchini. Anabwerako nkhope ili gwa.

"Babu silinayake."

"Dikira," anatero azakhali. "Batire lili ndi ludzu. Liyambe lamwa."

Tinadikira. Ine kudikira sindikutha. Ndinasesa pabwalo. Ndinasesanso. Azakhali anamwa tiyi makapu awiri. Namapiko ankangozungulira.

Dzuwa litapendeka, azakhali anati, "Tayesa tsopano."

Pilira anayatsa. Babu linawala. Anaika dzanja pansi pake.

"Kukufunda!"

Anapiye asanu anathamangira pansi pa babu. Pilira anatulutsa Katsalira m'juzi. Anakaika pakati penipeni.

Katsalira kanali kotsinzina. Tinayang'ana.

Kanatsegula diso limodzi. Kanatambasula mwendo. Kanatambasula phiko. Kanaimirira. Kanajompha madeya. Jo! Jo! Jo!

"Kakudya," ananong'ona Pilira.

M'dengu munali zii. Mwanapiye wofunda salira.

Lachinayi Namapiko anazungulira tsiku lonse.

Lachisanu kunacha bata. Utsi unkakwera mowongoka. Masamba sankagwedera. Namapiko anaima.

Pilira anabwera akuthamanga.

"Amayi! Waima! Mphepo yatha! Katsalira kazizidwanso!"

"Tiye kukhitchini."

Babu linali likuyaka. Anapiye anali kujompha.

"Zatheka bwanji?" anafunsa Pilira.

Tsopano inali nthawi yanga yophunzitsa.

"Chimanga timakolola tsiku lililonse?"

"Ayi."

"Nanga timadya tsiku lililonse?"

"Inde."

"Chimachokera kuti?"

"M'nkhokwe."

"Ndiye batireli ndi chiyani?"

Pilira anaganiza. Maso anawala.

"Nkhokwe ya magetsi!"

"Eya. Koma nkhokwe imatha. Masana kukafunda, uzizimitsa babu. Uzitulutsa anapiye padzuwa."

Zimenezi palibe anandiuza. Ndinaziganiza ndekha.

Madzulo mwera unabwerera. Fu, fu, fufufu.

Loweruka a Zikhalo anafika. Anaima panjira. Anayang'ana pakona. Panalibe kanthu. Anayang'ana pathanthwe. Anavula chipewa.

Azakhali anafikanso, kudzatenga thumba lawo. Anatipeza tonse pathanthwe. Ndinali ndi nyemba zotsala. Ndinalinso ndi funso lotsala.

"Alamu, uyu akudya mphepo yanga. Nanga akaimaliza? Nyemba zanga ndiziuluzira kuti?"

"Tayesani, amayi," anatero Pilira.

Ndinakweza lichero. Nyemba zinagwa. Waaa! Mankhusu anauluka. Anauluka mpaka kumunda, ngati kale.

"Amangotapako pang'ono," anatero Pilira. "Yambiri imadutsa."

Ndinayang'ana m'mwamba. Mapiko akuzungulira. Ndinayang'ana pansi. Nyemba zayera. Mphepo imodzi, ntchito ziwiri. Malonda otere sindinawaonepo pamsika uliwonse.

"Malo abwino awa," anatero a Zikhalo. "Anasankha ndani?"

"Ine," ndinatero.

Pilira anandiyang'ana.

"Ine ndi Pilira."

Pilira anandiyang'anabe. Azakhali anatsokomola.

"Chabwino! Pilira. Ine ndinangobwereketsa thanthwe."

Onse anaseka. A Zikhalo ananyamula Pilira. Anamukweza paphewa.

Ndinapita kunyumba. Ndinatulutsa thumba la kachewere. Linali lodzaza mpaka pakamwa. Ndinabwereranso. Ndinatulutsa kadengu ka nyemba. Ndinakaika pamwamba pa thumba.

"Izi n'zachiyani?" anafunsa azakhali.

"Banyira."

Azakhali anagwira pamtima.

"Achimwene, gwireni ndingagwe! Alamu apereka banyira!"

"Tengani msanga ndisanasinthe maganizo."

Anatenga msanga.

Pilira anabweretsa dengu lake padzuwa. Analipendeketsa. Anapiye anatuluka. Anawawerenga mokweza.

"Mmodzi. Awiri. Atatu. Anayi. Asanu."

Anasuzumira m'dengu. Munalibe kanthu.

"Amayi! Katsalira kali kuti?"

"Tayang'ana apo."

Katsalira kanali patsogolo pa onse. Kanali katafika kale pamkeka. Kanakwera m'lichero langa. Kankapalasa nyemba ndi timiyendo take.

"Choka apo, iwe!" ndinakuwa.

Sikanachoke. Ndinakasiya.